Kujambula nkhope mu situdiyo: nyali, kadulidwe ndi kukonza pa kompyuta

Yambani ndi nyali imodzi basi. Iimikeni pambali pa kamera, pa madigiri 45 kuchokera komwe munthu wayang'ana, ndipo ikwezeni ipitirire mutu wake pang'ono n'kuweramira kumaso. Ikakhala pamalo pake, mthunzi wa mphuno umagwera chammunsi, kulunjika kumapeto kwa mlomo. Mukaisunthabe chakumbali mpaka mthunzi wa mphuno ukumane ndi wa tsaya, pansi pa diso lakumdima pamatsala kachigawo kowala ka makona atatu. Kaunikidwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Rembrandt, mmisiri wa ku Netherlands wa m'zaka za m'ma 1600, ndipo kamayenera nkhope yomwe mukufuna ioneke yaulemerero. Musanadine, yang'anani m'maso. Diso lililonse likhale ndi kadontho kowala chakumtunda. Kakasowa, ndiye kuti nyali yakwera kwambiri ndipo maso alowa mumdima wa zikope.

Kufewa kwa kuwala kumadalira kukula kwa nyali ndi kuyandikira kwake. Flash, nyali yong'anima ya kamera, ikakhala yopanda chotchinga imatulutsa mithunzi yakuthwa ndipo imaonetsa kachiphuphu kalikonse. Ivekeni softbox (bokosi lansalu lofewetsa kuwala) ya masentimita 90 kapena ambulera yoyera, n'kuiika pafupifupi mita imodzi kuchokera pankhope. Dziwaninso kuti mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pamunthu kumatsika kanayi: nyali yomwe inali pa mita imodzi mukaipititsa pa mamita awiri, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake pojambula banja lonse nyali imafunika kuikidwa patali, kuti akutsogolo asawale kwambiri akumbuyo ali mumdima.

Pakhungu lakuda m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Amawonjezera mphamvu ya nyali poganiza kuti khungulo likufuna kuwala kochuluka, mapeto ake chipumi ndi nsonga ya mphuno zimayera mbee, masaya n'kutuwa. Khungu lakuda limaonetsa maonekedwe ake mwa kunyezimira, choncho likufuna nyali yaikulu, yofewa, yapafupi, kuti kunyezimirako kufalikire bwino kuchokera pachipumi kutsikira patsaya. Ngati munthu wadzola mafuta ambiri kapena watuluka thukuta, mupatseni tishu adzigunde nayo pang'onopang'ono pachipumi ndi pamphuno, osapukuta mokhula. Mbali yakumdima iwalitseni ndi reflector (chinthu chobweza kuwala) kapena chikatoni choyera, theka la mita kuchokera patsaya. Mthunzi usathe wonse ayi, chifukwa nkhope yopanda mthunzi imaoneka yaphwatalala.

Munthuyo atalikirane ndi nsalu yakumbuyo ndi mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, kuti mthunzi wake ugwere pansi osati pansalu. Ngati nsaluyo ndi yakuda, tsitsi limasowamo. Apa m'pamene nyali yachiwiri imagwira ntchito: iikeni kumbuyo kwake chakumbali, mokweza, iziwalitsa m'mphepete mwa tsitsi ndi phewa, koma isawombe mu lenzi.

Kamera ikhale pa M, pomwe mumadzisankhira zonse nokha. Poyambira pabwino ndi ISO 100 (momwe kamera imamvera kuwala), f/8 (kukula kwa bowo la lenzi) ndi shutter ya 1/160 ya sekondi (nthawi yomwe chotseka cha kamera chimakhala chotseguka). Makamera ambiri amagwirizana ndi flash mpaka 1/200 kapena 1/250. Mukapitirira pamenepo, mbali imodzi ya chithunzi imatuluka ndi mzere wakuda chifukwa chotseka cha kamera chimakhala chisanatseguke chonse pomwe flash ikuwala. Chithunzi chikada kapena kuwalitsa, sinthani mphamvu ya nyali kapena f, osati shutter. Mtundu wa kuwala (white balance pa kamera) uikeni pafupi ndi 5500K, ndipo zimitsani mababu a m'chipinda, chifukwa kuwala kwawo kukasakanikirana ndi kwa flash khungu limatuluka mitundu iwiri. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yajambula, kuti mudzakonze bwino pa kompyuta. Lenzi ya 85mm, kapena 50mm pa kamera ya sensa yaing'ono, imakulolani kuima patali. Mukayandikira kwambiri ndi lenzi yotambalala, mphuno imakula, makutu n'kuchepa. Kamera ilunjike diso lomwe lili pafupi nanu. Wovala mandala akamaonetsa nyali m'magalasi, kwezani nyaliyo pang'ono kapena aweramitse chibwano pang'ono.

Za kadulidwe zimayambira pojambula pomwe. Makamera ambiri amatulutsa chithunzi cha 2:3, chomwe chimakwana ndendende papepala la mainchi 4 ndi 6. Koma kasitomala akafuna cha mufelemu ya 8 ndi 10, muyezo wake ndi 4:5, ndipo mbali yaitali imadulidwa ndithu. Ngati munadzadza munthu m'chithunzi chonse, mutu kapena mapazi zipita. Siyani malo pamwamba ndi pansi. Musadule pa mfundo za thupi: pakhosi, pachigongono, pamfundo ya dzanja, pabondo kapena pakakolo, chifukwa munthu amaoneka ngati wadulidwa chiwalo. Dulani pakati pa ntchafu, pakati pa phewa ndi chigongono, kapena pachifuwa. Maso akhale chakumtunda, pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pamwamba, ndipo mbali yomwe munthu wayang'ana ikhale ndi mpata wokulirapo.

Pa kompyuta, kaya ndi Lightroom kapena Photoshop, yambani ndi kuwala ndi mtundu wa chithunzi chonse, khungu pambuyo. Chotsani zokhazo zomwe zingathe zokha m'masabata awiri: chiphuphu, kachilonda kometera ndevu, ulusi pa jekete, katsitsi kodutsa padiso. Chipsera, mphini, kadontho kobadwa nako ndi mpata wa mano ndi zake za munthuyo. Musazikhudze pokhapokha mwini wake atapempha. Gwiritsani healing brush (burashi yofufutira zilema) yokulirapo pang'ono kuposa chiphuphucho, pa layer yapadera mu Photoshop (tsamba losanjika pamwamba pa chithunzi), chithunzi chili pa 100%. Makwinya ndi mdima wa pansi pa maso zichepetseni ndi dodge and burn (kuwalitsa ndi kudetsa tizigawo ta chithunzi), mphamvu ya burashi ili pa 2 kapena 3%, osati kuzifufutiratu. Kusalaza nkhope yonse ndi blur kumapha timabowo ta khungu, munthu n'kuoneka ngati chidole cha pulasitiki. Kuyeretsa khungu kuti munthu aoneke woyererapo ndiye kulakwa kwakukulu. Mtundu wa nkhope ufanane ndi wa khosi ndi manja. Zithunzi za pasipoti ndi ziphaso siziyenera kukonzedwa nkhope n'komwe.

Potumiza kokatsukitsa, sungani JPEG mu sRGB (muyezo wa mitundu) pa 300 ppi (mapikiselo 300 pa inchi iliyonse). Chithunzi cha mainchi 8 ndi 10 chimafuna mapikiselo 2400 ndi 3000. Musachitumize pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa imachifinya. Chitumizeni ngati document kapena pitani nacho pa flash disk. Tsukitsani kaye chimodzi chaching'ono, poti papepala chithunzi chimakonda kuda kuposa momwe chimaonekera pa sikirini.