Mmene mungatetezere sitima zoseweretsa kuti zisagwe m'mphepete mwa tebulo

Injini ya sitima yoseweretsa ya sayizi ya HO ikagwa kuchoka pa tebulo lotalika mita imodzi n'kumenya simenti, kawirikawiri sibwerera mwakale. Zokolekera mabogi zimathyoka, mateyala amapindika, tizitsulo ta m'mbali timamwazika pansi. Chitetezo chimayamba poyala njanji, mpanda ndi wongomalizitsa.

Choyamba siyani mpata. Pa HO, yomwe ndi 1:87 (kutanthauza yochepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni), pakhale masentimita 8 mpaka 10 kuchoka pakati pa njanji kufika m'mphepete. Pa sayizi yocheperapo ya N, ya 1:160, masentimita 5 akwanira. Bogi ikaphonya njanji imagona chammbali, choncho ipeze pogonera pa thabwa pomwepo. Mpatawo mutha kuukweza ndi kachitunda ka thovu lolimba, n'kupaka utoto ndi kumatapo udzu.

Ngozi zambiri zimachitika pokhota. Sitima yothamanga imaponyedwa kunja, pomwe yaitali yokhala ndi mabogi opepuka kutsogolo imakokekera mkati ngati chingwe chomwe chikuwongoka. Pa HO, rediyasi ya masentimita 46 ndi yothina kale, ndipo mabogi aatali a anthu amafuna yoposa apa. Onaninso kulemera. Bungwe la NMRA la ku America limalangiza kuti bogi ya HO ilemere magalamu 28, kuphatikiza magalamu 14 pa masentimita 2.5 aliwonse a kutalika kwa bogi. Ndiye kuti bogi ya masentimita 15 ilemere pafupifupi magalamu 112. Zitsulo zowonjezera muzimate pansi penipeni. Mukaziika m'mwamba bogi imapendama msanga.

Mpanda wabwino ndi wa acrylic, pulasitiki yoonekera ija ena amati Perspex, yokhuthala mamilimita 3. Dulani mizere yotambalala masentimita 12 mpaka 15, kuti masentimita 6 mpaka 8 atulukire pamwamba, otsalawo agwire thabwa la m'mbali. Podula, lembani mzere kangapo ndi mpeni wakuthwa motsatira rula yachitsulo, kenako thyolani pa ngodya ya tebulo. Pepala lotetezera musalichotse mpaka ntchito itatha. Poboola m'pamene ambiri amaononga: ikani thabwa pansi, boolani pang'onopang'ono osakanikiza, bowo likhale lokulirapo kuposa sikulu, ndipo litalikire masentimita awiri kuchoka m'mphepete. Masikulu atalikirane masentimita 25 mpaka 30, aliyense ndi washa. Mukamanga kwambiri, mng'alu umayambira pa bowo n'kuyenda mzere wonse. Kumapeto kwechani m'mphepete ndi sandipepa, poti pamadula mkono.

Hadibodi, thabwa lopyapyala la matabwa opsinjidwa, ya mamilimita 3 ndi yotsika mtengo ndipo imapinda bwino pokhota, koma imabisa mateyala, omwe n'kumene kuli kukoma kwa sitima. Iikeni kumbuyo ndi malo obisika. Galasi lenileni ayi ndithu.

Pamene njanji yathera, kachotchingira kapulasitiki kogula kaja n'kokongoletsa chabe. Kumbuyo kwake khomani kathabwa ndi sikulu, mumatepo siponji. Ngati mumayendetsa ndi DC, magetsi wamba oyenda mbali imodzi, dulani chitsulo chimodzi cha njanji pa mtunda woposa kutalika kwa injini kuchokera pothera, mulumikize mpatawo ndi diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha: injini imaima ikalowa koma imatha kubwerera. Ikakana kubwerera, tembenuzani diodeyo.

Choopsa kwambiri ndi mlatho wotukula wa pakhomo, chigawo cha njanji chomwe mumakweza kuti munthu adutse, chifukwa tsiku lina wina adzaiwala kuutseka. Ikani microswitch, kaswitchi kakang'ono kodinikizidwa, pansi pake kuti mlatho ukatukulidwa magetsi azizima pa njanji za mbali zonse ziwiri. Chigawo chozimacho chitalike ngati sitima yanu yaitali, poti injini ikamakankha kuchokera kumbuyo mabogi ndiwo amafika pa phompho injini ikadali pa magetsi. Oyendetsa ndi DCC, njira ya dijito yolamulira sitima, samalani: injini zokhala ndi capacitor ya stay-alive, kachipangizo kosunga magetsi pang'ono, zimapitirirabe kwa masekondi angapo magetsi atazima, ndiye pafunikanso kachipika kapena msomali wotsekereza njanji mlatho ukachoka.

Pansi pa malo okwera ndi ozungulira monga helix, njanji yokwera mozungulira ngati sipuling'i, mangani neti kapena nsalu yolimba, ndipo pa simenti yalani kapeti. Mukamaliza, kankhani ndi dzanja bogi yanu yaitali kwambiri pokhota paliponse, muone ngati ngodya zake sizikukhudza mpanda. Zikakhudza, lowetsani mawasha awiri kapena atatu pakati pa acrylic ndi thabwa kuti mpandawo usunthire kunja.