Galasi loonera kumbuyo pa njinga: kusankha, kumanga ndi kuligwiritsa ntchito

Wopalasa njinga akacheuka kuti aone zakumbuyo, kawirikawiri njinga imapatukira mbali yomwe wacheukirayo. Phewa likatembenuka limakoka mkono, mkono nawo n'kukoka handulo, ndipo njinga imasendera m'kati mwa msewu, komwe kukudutsa magalimoto. Makutu nawonso sangadaliridwe. Mphepo imawomba m'makutu, galimoto yamagetsi imabwera mwakachetechete, ndipo phokoso la lole imodzi limabisa ina yomwe ili pambuyo pake. Galasi limakuthandizani kudziwa zomwe zikubwera nthawi ikadalipo, mutu uli kutsogolo.

Mangani galasi mbali imene magalimoto amakudutsirani. M'mayiko omwe amayendera kumanzere kwa msewu, galasi likhale kumanja. Komwe amayendera kumanja, likhale kumanzere. Ngati mumayenda m'misewu ya njira zambiri, kuwonjezera lachiwiri mbali inayo si kulakwa, koma loyambalo ndilo lofunika.

Magalasi alipo a mitundu ingapo. Lina limamangidwa pamwamba pa handulo ndi kachitsulo kozungulira, pafupi ndi chogwirira buleki. Lina limalowetsedwa m'bowo la kumapeto kwa handulo. Palinso tating'ono tomata pa helemeti kapena tokoleka pa magalasi a m'maso. Kwa munthu woyenda ndi njinga ya handulo yowongoka, la kumapeto kwa handulo ndilo labwino koposa, chifukwa limatulukira kunja kwa mkono ndipo siligwedezeka kwambiri poti khosi lake ndi lalifupi. La pamwamba la khosi lalitali limaoneka bwino njinga itaima, koma mukangolowa msewu wa zigwenembe chithunzi chimavina, osadziwa ngati ikubwerayo ndi basi kapena njinga yamoto.

Musanagule, yezani handulo. Mahandulo owongoka ambiri amakhala mamilimita 22.2 kukula kwake pamalo pogwira, pomwe opindikira pansi a njinga zampikisano amakhala mamilimita 23.8. Ngati mukufuna la kumapeto, yezani bowo la m'kati, chifukwa limasiyana malinga ndi kukhuthala kwa chitsulo. Onaninso ngati galasilo ndi la mbali yanu, poti ena amapangidwira dzanja limodzi lokha.

Pomanga la kumapeto, chotsani chotsekera bowo. Ngati labala yogwirira ndi yotseka kumapeto, bowolani ndi mpeni wakuthwa motsatira bowo la chitsulocho. Pukutani dzimbiri ndi dothi m'katimo, lowetsani phazi la galasi mpaka kumapeto, kenako mangani bawuti ndi kiyi wa Allen, kachitsulo kopindika kolowa m'kabowo ka pamutu pa bawuti, nthawi zambiri wa mamilimita 3, 4 kapena 5. Bawutiyo ikamalimba imafutukula phazi lija kuti ligwire m'kati. Musamalize kulimbitsa musanalozetse galasi. Ngati handulo ndi ya kaboni, yopepuka yosakhala yachitsulo, limbitsani mosamala, chifukwa ikapanikizidwa kuchokera m'kati imang'aluka. Pomanga la pamwamba, likakhala lokhwefula, dulani kachidutswa ka chubu chakale mukulunge pa handulo musanamange. Labalayo imagwira bwino komanso imachepetsa kunjenjemera. Kenako finyani buleki mpaka kumapeto, sinthani magiya onse, lizani belu, kuti muone ngati palibe chomwe chikugunda galasi.

Kulozetsa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amachita ataima pambali pa njinga. Khalani pa chishalo, wina akugwirireni kapena tsamirani khoma, manja ali pomwe amakhala mukamapalasa, msana utawerama monga mwa masiku onse. Handulo iwongoke. Tembenuzani galasi mpaka m'mphepete mwake mwa m'kati muziona pang'ono chabe mkono kapena ntchafu yanu. Kachigawo ka thupi kameneka ndi kofunika, chifukwa ndi komwe kamakuuzani kuti galimoto ili pati poyerekeza ndi inu, komanso galasi likasuntha mumazindikira msanga. Pamene msewu ukuthera patali pakhale chapakati pa galasi kapena pamwamba pang'ono. Mukamaona mitambo yambiri ndiye kuti lapenya m'mwamba. Mukamaona phula lokhalokha, lazolika. Mukatero limbitsani, ndipo yesani pamalo opanda magalimoto. Uzani mnzanu aime kumbuyo kwanu mapazi 50, ayende kubwera kudzakudutsani mbali ya galasi. Onetsetsani pamene wazimiririka m'galasi koma asanafike poti diso lanu limuone. Mpata umenewo ndi pomwe galimoto yathunthu imatha kubisala.

Magalasi ambiri a pa handulo nkhope yake ndi yotukuka pang'ono, osati yafulati. Galasi lotukuka limaonetsa dera lalikulu, koma limachepetsa zinthu, choncho galimoto imaoneka ngati ili kutali pamene ili pafupi. Apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Tiyerekeze kuti mukupalasa pa liwiro la makilomita 20 pa ola ndipo galimoto ikubwera pa makilomita 80. Kusiyana kwake ndi makilomita 60 pa ola, kutanthauza kuti mpata wa pakati panu ukuchepa ndi mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Galimoto yomwe ili mamita 100 kumbuyo ikupezani m'masekondi 6 okha, chonsecho m'galasi lotukuka imaoneka kakang'ono ngati kanyerere. Ndiye musaweruze ndi kukula kwake. Yang'anani kawiri, kusiyanitsa sekondi imodzi kapena ziwiri, muone mmene yakulira pakati pa kuyang'ana koyamba ndi kwachiwiri. Ikakula msanga, ikuthamanga. Onaninso ngati yayamba kusendera kunja kuti ikupatseni mpata. Galimoto yomwe ikukula m'galasi koma osasuntha pamzere wanu ndi chizindikiro choti mwina woyendetsa sanakuoneni, ndipo muyambiretu kuyang'ana pothawira.

Kuyang'ana kwake kukhale kongoponya diso n'kubweza, osapitirira theka la sekondi. Pa liwiro la makilomita 20 lija, mukakhalitsa masekondi awiri m'galasi mwayenda mamita 11 osaona kutsogolo, ndipo kutsogoloko ndi komwe kuli maenje, ana odumpha msewu ndi zitseko za magalimoto oima zomwe zimatsekulidwa mwadzidzidzi. Masabata oyamba galasi limakopa maso, moti ena amangoti maso tong'o pamenepo. Dziletseni. Zolowerani kuyang'ana pa nthawi zake: musanafike pa mphambano, msewu ukamachepa monga pa mlatho, musanazembe dzenje kapena galimoto yoima, musanagwire buleki mwamphamvu, komanso mwa apo ndi apo pa msewu wautali wowongoka.

Mukafuna kusintha mzere kapena kukhotera mbali ya magalimoto, galasi lokha silikwanira. Yang'anani m'galasi choyamba. Mukaona galimoto pafupi, dikirani, palibe chifukwa chocheukira. Mukaona kuti mulibe kanthu, cheukani ndithu ndi mutu, tambasulani dzanja kusonyeza komwe mukupita, cheukaninso kachiwiri, kenako khotani. Galasi likakuletsani likhulupirireni, koma likakulolani tsimikizani ndi maso. Kucheuka kuli ndi phindu lina: woyendetsa galimoto akaona nkhope yanu amadziwa kuti mukufuna kuchita kanthu, zomwe kuponya diso m'galasi sikumuuza. Kuti njinga isapatuke pocheuka, pindani zigongono pang'ono, masulani dzanja la mbali yomwe mukucheukira, ndipo gwetsani chibwano cha ku phewa m'malo motembenuza thupi lonse.

Kumbukiraninso kuti galasi la pa handulo limatembenuka limodzi ndi handulo. Pokhota limaonetsa tchire kapena nyumba za m'mbali, osati msewu, choncho yang'anani musanalowe m'kona.

Kagalasi ka pa helemeti kalibe vuto limeneli, chifukwa kamatsata mutu. Nthawi zambiri kamakhala kafulati, ka masentimita awiri kapena atatu, ndipo poti si kotukuka kamaonetsa mtunda weniweni. Mukagwedeza mutu pang'ono mumasesa msewu wonse wa kumbuyo. Kalozetseni kuti muziona nsonga ya khutu kapena phewa lanu m'mphepete mwake, ndipo kakhale m'mwamba chakumbali kuti kasatseke njira. Pomata, pukutani helemeti ndi sipiliti, dikirani iume, kanikizani kwa mphindi imodzi, ndipo musakwere nako tsiku lomwelo kuti guluu agwire. Kuipa kwake, kamatenga masiku kuti diso lizolowere, anthu ena kamawapweteketsa mutu, ndipo helemeti ikakhala yokhwefula chithunzi chimasuntha nthawi zonse.

Usiku nyali za magalimoto zimathobwa m'maso kudzera m'galasi. Lizolikeni pang'ono kuti kuwala kusamenye diso mwachindunji. Mudzaonabe kuwalako kukukula. Pa mvula madontho amasokoneza chithunzi, ndiye wonjezerani kucheuka. Mukanyamula katundu wotambalala pa kaliyala, kapena mwavala jekete yofufuma, khalani pa chishalo muone ngati galasi likuonabe msewu musananyamuke. Popukuta gwiritsani nsalu yofewa yonyowa, makamaka ngati galasilo ndi la pulasitiki, chifukwa fumbi louma limalikanda mpaka kuchita chifunga.

Galasi likamagwa nkhope lokha mukadutsa pa bampu, vuto limakhala pa mfundo yozungulira ya kumbuyo kwake. Limbitsani kasikuluwu kake pang'onopang'ono, mpaka lizisuntha ndi dzanja koma osati ndi kugwedezeka kwa msewu. Musalimbitse mpaka kuuma gwa, chifukwa njinga ikagwa kapena ikakhula khoma, galasi lomwe limatha kupindika limapulumuka pomwe louma limathyoka khosi. Musathire mafuta pa mfundoyi. Galasi long'aluka lichotseni, chifukwa limagawa chithunzi pawiri komanso lingakuchekeni mutagwa. La kumapeto limawonjezera kutambalala kwa njinga ndi masentimita angapo, choncho podutsa pa mpata wothina kapena poimika njinga pakati pa zinzake, lipindireni m'kati, ndipo mukamanyamukanso libwezereni mpaka muone kachigawo ka mkono wanu m'mphepete.