Momwe mungaitanire 999 pa meseji ku UK: lembetsani nambala ngozi isanagwe

Ku UK mukhoza kuitana ambulansi, apolisi, ozimitsa moto kapena opulumutsa anthu panyanja potumiza meseji ku 999. Ntchitoyi imatchedwa emergencySMS, inayamba mu 2009, ndipo salipiritsa. Koma ili ndi lamulo limodzi limene abale athu ambiri a ku Manchester, Leeds, Nottingham kapena Glasgow sanalimvepo: nambala yanu iyenera kukhala italembetsedwa kale. Meseji yochokera pa nambala yosalembetsa musaidalire kuti ikafika kwa woyankha, ndipo nthawi imene munthu wagwa pansi si nthawi yoyamba kulembetsa manja akunjenjemera.

Anaikonzera makamaka anthu osamva, omva movutikira ndi amene amavutika kulankhula. Imathandizanso mayi amene wadzitsekera m'bafa wina akumenya chitseko, munthu amene mphumu yamutseka pakhosi moti mawu sakutuluka, kapena amene wathyoka mwendo kumapiri a ku Scotland kumene netiweki ikubwera n'kumathawa. Meseji imafuna netiweki yochepa kwambiri poyerekeza ndi kuimba, n'chifukwa chake okwera mapiri amalembetsa.

Chimodzi chimveke kaye. Ngati mungathe kulankhula, imbani. Kuimba 999 kumadutsa pa netiweki iliyonse yomwe ilipo pamalopo, ngakhale si ya kampani yanu, pamene meseji imadikira netiweki ya SIM yanu yokha. Mukaimba pa Android kapena iPhone, foni imatumiza yokha malo amene muli. Komanso munthu akasiya kupuma, woyankha amakuwerengerani pamene mukumupsinya pachifuwa, foni ili pa sipika. Zimenezi pa meseji sizingatheke. Meseji ndi ya pamene pakamwa palephera.

Kulembetsa

Tsegulani pomwe mumalembera meseji wamba. Osati WhatsApp, osati Messenger: 999 kumeneko kulibe. Pa nambala lembani 999, pa uthenga lembani liwu limodzi lachingerezi, register, n'kutumiza. Kubwera meseji yofotokoza za ntchitoyi. Iwerengeni, kenako muyankhe kuti yes. Ikubweranso ina yonena kuti nambala yanu yalembetsedwa. Ngati yomalizayi sinabwere, simunalembetse. Ambiri amagwera pa yes ameneyu: amaona meseji yoyamba, n'kuganiza kuti zatheka, n'kuika foni m'thumba.

Kulembetsa sikuitana ambulansi ndipo palibe wapolisi amene abwere pakhomo, choncho musaope. Koma musatumize meseji yoyeserera yonena za ngozi yomwe kulibe. Mukafuna kudziwa ngati nambala idakali m'kaundula, tumizaninso register, akuyankhani.

Foni ya ma SIM awiri: apa ndi pamene zimasokonekera

Kulembetsa kumatsata nambala, osati foni, osatinso dzina lanu. Ambirife timasunga SIM ya kumudzi, ya TNM kapena Airtel, m'foni momwemo pamodzi ndi ya ku UK, kuti tizilandira ma code a kubanki ndi a Mpamba kapena Airtel Money. Vuto ndi lakuti foni imasankha SIM imodzi yotumizira meseji, ndipo kawirikawiri ndi imene inayamba kulowa m'foni, ija munatsika nayo ndege. Mumalemba register, mumatumiza, foni imaonetsa kuti yapita, koma yankho silibwera. Chachitika n'chakuti meseji ya SIM yakunja imayamba yapita ku kampani ya kwawo, ndipo 999 ya ku UK siingaipeze. Ntchitoyi imafuna SIM ya kampani ya ku UK, inu muli ku UK komweko.

Pa Android lowani mu Settings, mupeze pamene alemba SIM manager kapena SIM cards, muone mzere wa Messages kapena SMS, musankhe SIM ya ku UK. Mafoni ena ali ndi mwayi woti azikufunsani SIM nthawi iliyonse mukamatumiza. Umenewo musausankhe. Pa ngozi chala chimadina chilichonse chomwe chili pafupi. Pa iPhone ya mizere iwiri, mukayamba meseji yatsopano pamwamba pamaoneka dzina la mzere womwe ukutumiza, Primary kapena Secondary kapena dzina lomwe munaupatsa nokha. Dinani pamenepo musinthe musanatumize. Mukamaliza kulembetsa musafufute makambiranowo. Asiyeni pomwepo, chifukwa tsiku la ngozi mudzangowatsegula n'kulemba, ndipo foni imapitiriza ndi SIM yomwe munayambira.

Ngati yankho silikubwerabe, onani zitatu izi.

Choyamba, kodi SIM yanu imatumiza meseji n'komwe? Pali ma SIM a data yokha, ogulitsidwira ma tabuleti ndi ma router, ndiponso ma eSIM otchipa a apaulendo ogulidwa pa intaneti. WhatsApp imayenda bwinobwino, munthu n'kukhala miyezi osadziwa kuti alibe nambala yotumizira meseji. Yesani kutumizira mnzanu meseji wamba. Pa iPhone ioneke yobiriwira, osati ya buluu, chifukwa ya buluu yadutsa pa intaneti. SIM ya pay as you go ya kampani yodziwika imagulidwa pafupifupi paundi imodzi m'masitolo akuluakulu, ndipo makampani ena amatumiza yaulere pa positi. Musagule SIM kwa munthu wa pa Facebook amene akuti ndi yotsegula kale, ili ndi data yosatha. Nambalayo ili m'manja mwa wina, ndipo tsiku lomwe mwiniwake wasiya kulipira imazima osakuchenjezani.

Chachiwiri, mafoni ena a Android amachenjeza mukamatumiza meseji ku nambala yaifupi, kuti mwina mulipiritsidwa. Munthu woopa kudyeredwa ndalama amadina kukana, nthawi zina n'kuchonga kuti isadzafunsenso. Kuyambira pamenepo foni imatsekereza yokha mwakachetechete. Pitani mu Settings, Apps, Special access, mupeze Premium SMS, musinthe kuti pulogalamu ya meseji iloledwe. Mayina a mizereyi amasiyana pang'ono malinga ndi foni, koma mukalemba premium m'bokosi lofufuzira la mu Settings imatuluka.

Chachitatu, foni yeniyeniyo. Mafoni ogulidwa pamanja motchipa modabwitsa nthawi zina amakhala akuba kapena a ngongole yosamaliza. Amagwira masabata angapo kenako kampani imatseka IMEI, nambala yozindikirira foniyo pa netiweki, foni n'kutsala ya WiFi basi. Foni yotere meseji siituluka.

Mukasintha nambala, lembetsaninso. Mukasamukira ku kampani ina ndi nambala yomweyo, tumizani register muone ngati zidakali bwino. Sizitenga mphindi ziwiri. Ndipo SIM ya pay as you go yongokhala m'dirowa miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito makampani amaitseka, choncho foni yapadera yomwe mwasungira agogo kapena mwana muziitumizitsa meseji mwa apo ndi apo.

Zolemba tsiku la ngozi

Meseji yanu siipita molunjika kwa a ambulansi. Imafikira kwa wothandizira wa Relay UK, ntchito yoyendetsedwa ndi kampani ya mafoni ya BT, amene amawerengera woyankha wa 999 zimene mwalemba, n'kukulemberani zimene woyankhayo wanena. Funso lililonse lomwe angakubwezereni ndi nthawi yotayika. Ndiye meseji yoyamba ikhale ndi zinthu zitatu motsatana: mukufuna ndani, chachitika n'chiyani, muli kuti.

Mulembe m'Chingerezi, chachidule, chopanda moni. Liwu loyamba likhale Ambulance, Police, Fire kapena Coastguard. Kumapiri mumayamba ndi Police, n'kuwonjezera mountain rescue, chifukwa opulumutsa anthu kumapiri amaitanidwa kudzera kupolisi. Mwachitsanzo:

Ambulance. Man, 60, collapsed, breathing, not responding.

Kapena:

Police. Man with knife in my house. I am hiding upstairs with child. Cannot talk.

Kenako adilesi. Mawu oti cannot talk ndi ofunika ngati mukubisala, kuti asakuimbireni. Foni muichotse mawu, chifukwa yankho likalira limakuululani.

Kwa a ambulansi, chomwe amafuna kudziwa msanga ndi ngati munthuyo akupuma komanso ngati ali maso. Mayankho awiri amenewa ndi omwe amaonetsa kuti galimoto inyamuke mwachangu bwanji. Ku England, kwa munthu amene mtima waima kapena wasiya kupuma, cholinga chawo ndi kufika pa mphindi 7 mwa avereji. Mukangolemba kuti my uncle is sick adzayamba kukufunsani chimodzichimodzi. Nenani zaka, mwamuna kapena mkazi, chomwe mukuona ndi maso: magazi akutuluka pati, nkhope yapindika mbali imodzi, akugwira pachifuwa, ali ndi pakati pa miyezi ingati.

Adilesi ndiyo imafuna kuikonzeratu. Musaganize kuti akuona pomwe muli. Lembani ngati sakudziwa chilichonse. Nambala ya nyumba, dzina la msewu, tauni, ndi postcode yonse. Dzina la msewu lokha silikwanira, chifukwa High Street, Station Road ndi Church Lane zili pafupifupi m'tauni iliyonse, ndipo mu London mokha misewu ya dzina limodzi ilimo ingapo. Ngati mukukhala m'nyumba zosanjikizana, nenani nambala ya flat, nsanjika yachingati, ndi manambala otsegulira khomo la pansi. Ambulansi ikhoza kufika msanga n'kuima panja pa chitseko chokhoma inu muli pamwamba simungathe kutsika. Amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, mumayenda nyumba zisanu kapena kuposa pa tsiku, ndipo mutu ukasokonezeka postcode yomwe imabwera ndi ya kwanu. Muziona adilesi pa rota musanalowe m'nyumba iliyonse.

Njira yachidule: lembani adilesi yanu yonse mu Notes lero, kuti tsikulo mudzangokopera. Kapena ikani mu text replacement ya kiyibodi, kuti mukalemba zilembo zitatu zomwe mwasankha adilesi yonse izituluka yokha.

Panjira, nenani dzina la msewu ndi chinthu chooneka: sitolo, malo omwetsera mafuta, dzina la siteji ya basi. Pa motorway ku England pali zikwangwani zazing'ono za buluu m'mbali mwa msewu, zolembedwa nambala ya msewu, chilembo monga A kapena B, ndi nambala ina pansi. Koperani mizere itatu yonseyo, chifukwa chilembocho ndi chomwe chimawauza mbali yomwe muli. Kutchire kapena m'paki, pulogalamu ya what3words imapereka mawu atatu osonyeza kadera ka mamita 3 mbali zonse, ndipo malo ambiri oyankhira 999 amawalandira. Ikhale pa Chingerezi, ndipo mawuwo muwakopere, osawalemba pamtima. Chilembo chimodzi chikasintha mwawatumiza kwina. Onjezeranibe dzina la dera lomwe muli.

Meseji imodzi imatenga zilembo 160. Mukaikamo emoji, kapena chilembo ngati ŵ chomwe makiyibodi a Chichewa amaika, malirewo amatsika kufika pa 70 ndipo uthenga umaduka zidutswa. Lembani zilembo wamba. Zithunzi ndi mavidiyo musatumize.

Mukatumiza

Musaike foni pansi. Chizindikiro choti delivered sichitanthauza kuti a 999 awerenga. Umboni ndi yankho lawo lokha. Limatenga pafupifupi mphindi ziwiri. Zikakwana zitatu kuli zii, tumizaninso, ndipo nthawi yomweyo yesani njira ina: gogodani kwa neba, imitsani wodutsa, muonetseni zomwe mwalemba pafoni kuti aimbe iyeyo. Akakufunsani funso yankhani lomwelo, mwachidule. Zinthu zikasintha, monga munthu wasiya kupuma kapena wachiwembu watuluka, lembani pomwepo. Tsegulani chitseko, yatsani getsi la panja, galu mumutsekere.

Za ndalama musade nkhawa: ambulansi ya NHS pa ngozi siilipiritsa, ndipo chithandizo cha ku A&E, dipatimenti ya ngozi ya kuchipatala, ndi chaulere kwa aliyense posatengera mtundu wa visa.

Njira zina

Ngati simunalembetse ndipo kulankhula kungakuikeni pangozi, imbani 999 pa foni ya m'manja, mvetserani, khosomolani kapena gogodani foni akakufunsani, ndipo mukauzidwa dinani 55. Akulumikizani ndi apolisi. Kungoimba n'kukhala chete osadina sikubweretsa munthu, ndipo 55 payokha siwauza nyumba yomwe muli, choncho nong'onezani adilesi ngati mpata ulipo.

Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Relay UK amaimba 18000. Olankhula ndi manja m'chinenero cha BSL (British Sign Language) ali ndi 999 BSL, ya pavidiyo, yomwe inayamba mu June 2022. M'sitima kapena pasiteshoni, nkhani yosafuna changu mumatumiza meseji ku 61016, kwa British Transport Police. Za apolisi zosafulumira ndi 101, za matenda osaopsa moyo ndi 111. iPhone 14 ndi zotsatira zake zimatha kutumiza uthenga wa ngozi kudzera pa satelayiti pamene palibiretu netiweki, koma mukhale panja poonekera kumwamba.

Zonsezi ndi za ku UK. Mukapita kutchuthi kumudzi kapena kudutsira ku Johannesburg, kulembetsa kuja sikugwira. Ku South Africa mumaimba 112 pa foni ya m'manja kapena 10111 ya apolisi. Mukabwerera, musanachoke pabwalo la ndege onani kuti foni yabwezera meseji pa SIM ya ku UK, chifukwa paulendo munaisintha.