Kuchotsa munthu ntchito pa esiteti osadzagwa pa mlandu

Ku Kasungu, milandu yambiri ya pantchito imabuka nyengo ziwiri: pothira feteleza, matumba akamasowa m'sitolo, ndi pamene mabelo a fodya ayamba kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Mwini esiteti akapsa mtima amangoti, "Ameneyu asaonekenso pano mawa." Ngati ndinu woyang'anira za antchito, ntchito yanu yeniyeni imayambira pa mawu amenewa, chifukwa wokayankha ku ofesi ya zantchito kuboma ndinu.

Lamulo la Employment Act la 2000 limafuna zinthu ziwiri pochotsa munthu ntchito: chifukwa chomveka, komanso kumupatsa mwayi wodziteteza. Chimodzi chikasowa, mwamuchotsa mopanda chilungamo, ngakhale atabadi. Ndipo kubwalo udindo wosonyeza kuti chifukwa chinalipo uli pa olemba ntchito. Wodandaula amangonena kuti anachotsedwa, zotsalazo mufotokoze ndinu.

Yambani ndi kufufuza, osati kuweruza. Tiyerekeze kuti matumba asanu ndi limodzi a feteleza asowa ndipo mlonda ndiye akuganiziridwa. Tengani buku la m'sitolo, buku la pageti ndi ndandanda ya alonda a usiku umenewo. Kalaliki wa sitolo ndi kapitawo alembe zomwe akudziwa, aliyense payekha, asaine ndi kuika deti. Wosatha kulemba anene, wina amulembere, amuwerengere, kenaka adinde chala. Apa ndi pamene zambiri zimaonekera: kawirikawiri mumapeza kuti sitolo sinawerengedwe kwa milungu itatu, ndiye palibe angalumbire kuti matumbawo anasowa usiku wa mlondayo. Zikakhala choncho, mlandu wanu ndi wofooka, ndipo abwana muwauze msanga asanafike patali.

Ngati munthuyo angasokoneze kafukufuku, muyimitseni kaye ntchito polemba kalata, yonena kuti uku sikumuchotsa ndiponso kuti adzaitanidwa liti. Musamusiye kunyumba miyezi itatu osamuuza kanthu.

Kalata yomuitanira ku zokambirana za mlandu wake pakampani ndi imene ambiri amailemba mwaulesi. Mawu oti "kusakhulupirika pantchito" sakwanira. Lembani kuti usiku wakuti, matumba angati a feteleza wamtundu wanji anasowa m'sitolo iti, iye ali pa ulonda. Nenani tsiku, nthawi ndi malo a zokambirana, ndiponso kuti ali ndi ufulu wobwera ndi mboni zake ndi mnzake wapantchito kapena wa bungwe la antchito. Mupatseni masiku angapo okonzekera. Kumupatsa kalata m'mawa n'kumuzenga masana omwewo n'chimodzimodzi kusamumvera n'komwe. Ngati Chingerezi sachimva, kalata ikhale m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka kwa a kumpoto kwa boma lino. Asaine kuti walandira. Akakana, mboni isaine kuti anapatsidwa.

Pa tsikulo, wapampando asakhale amene anamugwira kapena amene akumudandaula. Manejala yemwe ndi wodandaula, mboni komanso woweruza nthawi imodzi ndiye amagwetsa makampani ambiri. Mboni zilankhule iye ali pomwepo, ndipo aloledwe kuzifunsa mafunso. Inu ntchito yanu ndi kulemba zonse, ngakhale zimene sizikomera kampani. Pomaliza aliyense asaine. Chigamulo chisatuluke m'thumba chitalembedwa kale. Kalata yochotsa ntchito yokhala ndi deti la dzulo lake imaulula kuti zokambiranazo zinali zachiphamaso.

Si cholakwa chilichonse chofunika kuchotsa munthu. Lamulo limalola chenjezo lolemba, kuyimitsa ntchito kwakanthawi kapena kutsitsa paudindo. Wosankha fodya amene wachedwa kawiri pa zaka zisanu ndi zitatu safanana ndi dilaivala wogulitsa dizilo wa thirakitala. Onani zaka zimene wagwira, mbiri yake, ndi mmene munachitira ndi ena olakwa chimodzimodzi. Chindapusa n'choletsedwa: simungadule munthu K10,000 chifukwa wayankha kapitawo mwamwano. Chololedwa n'kusamulipira masiku amene anajomba popanda chilolezo, kapena kudula mtengo wa katundu amene wawononga. Ndipo kujomba komweko, musathamangire kulemba kuti "wathawa ntchito" musanatumize uthenga kumudzi kwawo. Mwina ali m'chipatala.

Tsopano ndalama. Zonse zomwe munthu ayenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha: malipiro a masiku amene wagwira, ovataimu, ndi masiku a tchuthi amene sanapume. Tchuthi ndi masiku 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pamlungu, 15 kwa wogwira asanu. Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro ake, pokhapokha ngati wachotsedwa nthawi yomweyo pa cholakwa chachikulu. Penshoni si yolanda ngati chilango. Onetsetsani kuti 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wantchito zinkatumizidwadi mwezi ndi mwezi, chifukwa mipata yake imaonekera tsiku lochoka.

Ndalama ya severance, yomwe imawerengedwa potengera zaka zimene munthu wagwira ntchito, anthu amaisokoneza kwambiri. Wochotsedwa mwachilungamo chifukwa cha khalidwe loipa salandira. Imaperekedwa pochepetsa antchito kapena munthu akachotsedwa mopanda chilungamo. Kawerengedwe kake: malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zoyamba, milungu itatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, milungu inayi kupyola pamenepo. Wa zaka 7 ndiye kuti milungu 10 kuphatikiza 6, yonse 16. Pa esiteti pali msampha wina: munthu amene amabwera nyengo iliyonse ya fodya motsatizana, lamulo limaphatikiza nthawi yonse imene wagwira ngati ntchito imodzi yosadukiza. Kumusainitsa kontirakiti yatsopano chaka ndi chaka sikufafaniza zaka zam'mbuyo. Choncho mabuku akale a antchito anyengo musawasiye adyedwe ndi chiswe m'chigafa. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2021 kugwiritsa anthu ntchito ngati matenanti kunaletsedwa. Amene kale ankatchedwa tenanti ayenera kulembedwa ntchito ndi kulandira malipiro ngati wantchito wina aliyense.

Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa boma, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court. Mukaitanidwa, pitani ndi fayilo yonse: kontirakiti, machenjezo akale, kalata yomuitana, zolemba za tsiku la zokambirana, ndi pepala la malipiro omaliza losainidwa.

Kwa kalaliki wa malipiro amene akufuna kukwera kufika pa ofisala kapena manejala wa za antchito, luso ili ndi limene amafunsa kwambiri pa intavyu, kuposa kutchula mitu ya m'kalasi. Pemphani kuti muzikhala mlembi pa zokambirana zotere, werengani zigamulo za bwalo la zantchito zomwe zimapezeka pa intaneti pa MalawiLII, ndipo mukapeza dipuloma kapena digiri, lembetsani ku Institute of People Management Malawi, komwe anzanu a ntchito yomweyi amakumana ndi kumva msanga malamulo akasintha.