Kukonzekeretsa akavalo aang'ono nyengo yoyenda ndi alendo isanayambe

Eni akavalo amene amanyamula alendo kupita nawo m'mapiri ndi m'zigwa amalakwitsa chinthu chimodzi chaka ndi chaka: akaona kuti kavalo wanenepa m'miyezi imene wakhala akupuma, amaganiza kuti wakonzeka kugwira ntchito. Komatu kavalo amene watha miyezi 3 kapena 4 akungodya osakweredwa amakhala ndi minofu yofooka, ndipo khungu lake la pamsana limakhala litafewa, ngakhale thupi likuoneka lonyezimira. N'chifukwa chake mwini ziweto ayenera kuyamba kukonzekera masabata 6 mpaka 8 mlendo woyamba asanafike.

Akavalo amene tikunena pano ndi aang'ono aja otchedwa poni, amene msinkhu wawo supitirira masentimita 148 poyeza pamwamba pa mapewa. Ntchito yoyenda nawo ndi alendo inatchuka ku Scotland m'zaka za m'ma 1950, kumene ankagwiritsa ntchito mtundu wa Highland, ndipo ku Lesotho akavalo a mtundu wa Basotho amanyamula alendo m'madera monga Malealea ndi Semonkong. Mitundu yotereyi inazolowera mapiri a udzu wochepa, choncho imanenepa ndi chakudya chochepa kwambiri, ndipo vuto lalikulu la kumayambiriro kwa nyengo limachokera pomwepa.

Msipu wanthete umene umaphuka panthawiyi umakhala ndi shuga wambiri. Kavalo wonenepa akamaudya mosaletsedwa amagwidwa ndi nthenda ya laminitis, imene imatupitsa minofu yomangirira fupa ku chiboda, ndipo ikakula fupalo limatha kusuntha m'kati mwa chibodacho. Kavalo wodwala amaima atatambasulira miyendo yakutsogolo patsogolo kwinaku akutsamira kumbuyo, amakana kukhota pamalo olimba, ziboda zimatentha, ndipo mtsempha wa kuseri kwa mwendo pafupi ndi chiboda umagunda mwamphamvu. Mukaona zimenezi muchotseni pamsipu nthawi yomweyo, mumuike pamalo ofewa, muitane dotolo wa ziweto, ndipo musamukakamize kuyenda poganiza kuti miyendo imasuka. Kupewa kwake n'kosavuta ngakhale kumafuna kulimba mtima: chepetsani maola odyera msipu, onjezerani udzu wouma, ndipo chakudya chilichonse chatsopano chilowe pang'onopang'ono kwa masiku 10 mpaka 14, chifukwa kusintha mwadzidzidzi kumayambitsanso kupotokola kwa m'mimba. Kavalo wolemera makilogalamu 300 amafuna udzu wouma wokwana makilogalamu 4.5 mpaka 6 patsiku. Ine ndimaona kuti eni ambiri amapitirira muyeso umenewu chifukwa cha chifundo, osati chifukwa chiweto chikufunadi.

M'masabata awiri oyamba kavalo azingoyenda osathamanga, kuyambira mphindi 20 patsiku mpaka kufika ola lathunthu, pamalo osakwera kwambiri. Kuthamanga pang'ono ndi kukwera zitunda zibwere pambuyo pake, ndipo pofika sabata lomaliza akhale atayendapo mtunda wofanana ndi umene adzayende ndi alendo. Kuti mudziwe ngati akulimba, phunzirani kuwerenga kugunda kwa mtima wake pogwira mtsempha wa pansi pa chibwano. Akakhala phee mtima umagunda maulendo 28 mpaka 44 pa mphindi, ndipo ngati patatha mphindi 20 chitsikireni wokwera ukugundabe kupitirira maulendo 60, ntchito ya tsikulo yamukulira ndipo mawa lake muichepetse.

Ziboda zisemedwe masabata 6 mpaka 8 aliwonse, mano aunikidwe kamodzi pachaka, ndipo katemera wa kafumbata asadutse nthawi yake.

Chishalo chimene chinkakhala bwino kumapeto kwa nyengo yatha chingathe kupana kavalo yemweyo tsopano popeza wanenepa, ndipo akayamba kuonda ndi ntchito chimayamba kuterereka. Muzichiyesa kangapo m'masabata okonzekerawa, n'kuonetsetsa kuti sichikugunda fupa la msana komanso kuti pakati pa kutsogolo kwake ndi pamwamba pa mapewa pakulowa zala zitatu wokwera atakhalapo. Mukachichotsa yang'anani thukuta: malo ouma pakati pa msana wonyowa amasonyeza pamene chikupanikiza, ndipo ubweya woyera womera pamalo oterowo ndi umboni wakuti vutolo lakhalitsa. Lamba wa pamimba akhale woyera, chifukwa matope ouma amanyula khungu kuseri kwa miyendo yakutsogolo, ndipo chilonda chaching'ono chomwecho chimakwanira kukhazika kavalo m'khola pamene alendo achuluka. Muonenso ulusi wosokera malamba ndi zingwe zowongolera, pakuti chikopa chimene chakhala miyezi osadzozedwa mafuta chimauma n'kuduka wokwera ali pamsana.

Pankhani ya kulemera kwa wokwera sipafunika manyazi. Kavalo asanyamule katundu woposa gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwake, kuphatikizapo chishalo, kutanthauza kuti wa makilogalamu 300 malire ake ndi makilogalamu 60. Munthu wongophunzira kukwera amalemetsanso kavalo kuposa wodziwa, chifukwa amagwedezeka n'kumamenya msana. Ndi bwino kumufunsa mlendo kulemera kwake pamene akusungitsa malo kusiyana n'kudzamubweza atafika kale pakhola.

Njira yoyendamo muidutse nokha wapansi alendo asanabwere, kuti muone pamene madzi akokolola, mitengo yagwa kapena pamene powolokera pasintha. Pa ulendo weniweniwo aliyense avale chipewa cholimba choteteza mutu, wotsogolera akhale patsogolo ndipo wina wodziwa atsalire kumbuyo, ndipo pakati pa kavalo ndi mnzake pakhale mpata wokwana kavalo mmodzi kuti asamenyane mateche. Auzeni alendo kuti aweramire patsogolo pokwera chitunda ndi kuwongola msana potsika. Akavalo aloledwe kumwa pamtsinje uliwonse wa madzi oyera umene mwafika, ndipo gulu lonse lidikire mpaka womaliza atamwa, chifukwa anzake akanyamuka iye amasiya madziwo n'kuwatsatira ali ndi ludzu.