Musanamutche waulesi, yambani mwamuyeza

Aphunzitsi anzanga, ahedi ndi inu a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'mazoni a Lilongwe, chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu ndi odzaza. M'chinamtindi chotere, mwana wosaona bwino pabolodi kapena wovutika kumva amangobisika, mpaka kubwereza Sitandade 2 kawiri ife tikumutcha waulesi. Zimenezi zimandiwawa. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pamaphunziro a ku TDC, komwe aphunzitsi a m'zoni amakasulidwa, tisamathe tsiku lonse tikuloweza mitundu ya ulumali. Aphunzitsi ayezane maso ndi makutu okhaokha awiriawiri, kuyezako kulowe m'manja.

Yambani ndi maso. Pachikani tchati cha chilembo cha E pamalo owala, mwana aime mamita 6, aphimbe diso limodzi ndi chikhatho, azilozera kumene miyendo ya chilembocho yayang'ana. Za makutu, imani kumbuyo kwake kuti asaone milomo, munong'oneze mawu odziwika monga mbuzi kapena mpando, iye abwereze. Wotuluka mafinya m'khutu musamuchedwetse, apite kuchipatala.

Ntchito yeniyeni ili m'kope. Kwa milungu iwiri kapena itatu lembani zimene mwaona ndi tsiku lake, osati zoganizira. Kulemba kuti "ndi wogona" sikuthandiza aliyense. Koma mukalemba kuti "ali kumbuyo sanakopere kanthu, nditamuika kutsogolo wakopera mizere yonse", aliyense wowerenga adziwa poyambira. Itananinso makolo mwaulemu, kumbali, osati pamaso pa ana ena. Afunseni ngati mwana anadwalapo malungo aakulu, ngati amagwa khunyu, komanso ngati amabwera kusukulu atadya, poti njala nayo imagonetsa mwana m'kalasi.

Tikumbuke kuti mphunzitsi si dokotala, kutchula dzina la matenda si ntchito yathu. Tengani kopelo mukaonane ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera, mmodzi wa aja anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Za maso, ku Kamuzu Central kuli madokotala ake, ndipo kusukulu ya Malingunde amadziwa kuphunzitsa ana osaona.

Pomulembetsa mayeso, yezani chimene mwana akudziwa. Wa khungu lachialubino mulembereni zilembo zikuluzikulu, wovutika kugwira pensulo ayankhe pakamwa, ndipo muwaonjezere nthawi. Ahedi, polembetsa ana a Sitandade 8 ku MANEB, tchuliranitu amene akufunika mapepala a Braille, zilembo zowerenga ndi zala, kapena a zilembo zazikulu. Mukakumbukira mayeso atayandikira, mapepalawo sangakonzedwenso.