Njinga yamoto yoyamba: yambani ndi yomwe mungathe kuilamula

Ndikamva munthu amene sanayendetsepo njinga yamoto akuti akufuna ya 600cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini), mtima umandiwawa. Kukongola ndi yokongola, kulira kwakenso n'kokoma, koma dzanja la wophunzira silinazolowere kupatsa moto pang'onopang'ono. Mukangogunda kabampu dzanja n'kupotoka pang'ono, njinga yaikulu yathawa nanu kale. Ine ndimalangiza 125cc kapena 150cc, ndipo ngati muli ndi thupi lalikulu kapena muziyenda mitunda italiitali, musapyole 300cc. Ku Ulaya laisensi ya A1, yomwe ndi ya njinga zazing'ono, imalekezera pa 125cc, ndipo ndimaona kuti anaganiza bwino.

Musanafunse za liwiro, ikwereni. Imitseni chilili, mapazi onse awiri aponde pansi ndithu, osati kunyang'ama ndi zala. Kenako ipendeketseni pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja, mumve kulemera kwake m'ntchafu. Njinga ngati Honda CG125 kapena Yamaha YBR125 zimalemera makilogalamu apakati pa 110 ndi 130, pamene zazikulu zambiri zimafika 200 n'kupitirira. Kulemerako sikumveka mukamathamanga. Kumamveka mutaima pachitunda, phazi laponda pamchenga, njinga n'kuyamba kupendama. Yopepuka mumaibweza ndi mwendo umodzi, yolemera imakugwetsani. Tsikaninso muikankhe kutsogolo ndi kumbuyo. Ikakuvutani pamenepo, idzakuvutani tsiku lililonse.

Yakale yosamalidwa bwino siichititsa manyazi, makamaka poti ophunzira ambiri amaigwetsapo njinga ali chiimire. Kungoti muiyang'ane modekha, dzuwa likuwala. Mumuuze mwiniwake asailize musanafike, ndipo mukafika khudzani injini, ikhale yozizira, chifukwa injini yotentha imabisa vuto lovuta kulira. Ikalira yang'anani utsi: wabuluu ndiye kuti ikutentha oyilo. Pititsani chala pa mipope yonyezimira ya mashoko akutsogolo. Chikanyowa ndi oyilo, pali ntchito ya makaniko. Gwadani muone tcheni ndi sipuloketi, gudumu la mano lomwe tcheni chimakolapo. Mano akasongoka n'kupindika ngati mbedza, zonse ziwiri zatha. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lokalamba limauma n'kumaterera ngakhale mizere yake ikuoneka bwino. Nambala ya pa felemu ndi ya pa injini zifanane ndi zimene zili pa mapepala. Zikasiyana, musamvere nkhani iliyonse, chokanipo.

Mukapeza yokhala ndi ABS, chipangizo choletsa tayala kusiya kuzungulira mukagwira buleki mwamphamvu, itengeni. Buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu poimitsa njinga, ndipo wophunzira akadzidzimuka amaifinya ndi mphamvu zonse, tayala n'kusiya kuzungulira, iye n'kupezeka ali pansi. ABS imaletsa zimenezo. Maiko a European Union anaikakamiza pa njinga zatsopano zopitirira 125cc kuyambira 2016.

Mufunsenso makaniko amene adzidzaikonza ngati zipangizo zake zimapezeka msanga.

Ndalama zonse zisathere pa njinga. Patulani kaye za helemeti, magolovesi, jekete yochindikala ndi nsapato zophimba akakolo. Munthu akamagwa amatsogoza manja, n'chifukwa chake magolovesi sindimawatenga ngati zokongoletsera. Helemeti ikhale yatsopano, yophimba ndi chibwano chomwe, yokhala ndi chizindikiro cha ECE kapena DOT, chosonyeza kuti ikukwanira pa miyezo ya chitetezo. Yakale musagule, chifukwa yomwe inagundapo pansi imaphwanyika m'kati kunja ikuoneka yabwinobwino. Poiyesa, mangani lamba wapakhosi, gwirani helemetiyo ndi manja awiri muigwedeze uku ndi uku. Masaya aziyenda nayo limodzi. Ikamazungulira yokha pamutu, pemphani yocheperapo.